Kapu ya pulagi ikakana kuzuka: chochita waya asanathothoke

Sabata siitha pagalaja pathu kuno ku Ndirande osafika munthu atanyamula waya wa pulagi (sipaki pulagi, yoyatsa petulo mu injini) m'manja, kapu yake itatsalira mu injini. Nkhani imakhala yomweyomweyo. Amafuna kungosintha mapulagi, ntchito yosatenga ngakhale theka la ola, kapu inakana, iye n'kukoka ndi mphamvu zonse, waya n'kuthothoka. Ambiri ndi eni timagalimoto ta katundu: ma Hijet ndi ma Carry amene amalawirira ku Bvumbwe kukatenga kabichi ndi tomato, ma Probox, ma Vanette ndi ma Bongo, komanso mapikapu a petulo. Galimoto zoterezi zimayenda kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, injini siipeza mpata wozizira, ndipo mwini wake safuna kuti igone pagalaja ngakhale tsiku limodzi. Changu chimenecho n'chimene chimang'amba makapu.

Tikamati kapu tikunena labala wokhuthala uja amene amavala kumutu kwa pulagi. M'kati mwake muli kachitsulo kogwira nsonga ya pulagi, kapena kasipuling'i ngati injiniyo ili ndi koilo (chokweza mphamvu ya magetsi opita ku pulagi) pa pulagi iliyonse. Magetsi odutsa mmenemo amafika mavoti 20,000 ngakhale kuposa, choncho labalayo anamupanga kuti azikumbatira khosi loyera la pulagi mothina, magetsi asathawire ku hedi (mutu wa injini, momwe pulagi imapikitsidwa), madzi ndi fumbi zisalowe. Kuthina komweko n'kumene kumasanduka vuto pakapita zaka. Inu a galimoto za dizilo nkhaniyi sikukukhudzani, injini zanu zilibe mapulagi otere.

## Musanagwire chilichonse

- Zimitsani injini, chotsani kiyi, dikirani izizire mpaka muthe kuika dzanja pa hedi osalichotsa. Kufunda pang'ono ngati madzi osambitsa khanda sikulakwika. Koma labala wotentha amafewa n'kung'ambika msanga, ndipo kumasula pulagi pa hedi ya aluminiyamu yotentha kumadya mazinga.
- Jambulani ndi foni mmene mawaya akhalira, kapena mangani timapepala ta manambala pa waya aliyense. Njira yosavuta koposa ndi kumaliza pulagi imodzi musanakhudze inzake.
- Chotsani fumbi lozungulira makapu ndi mpweya wa kompuresa, kapena burashi ngati mulibe.
- Ngati muchotsa makoilo, masulani kaye waya wa negativu pa batire.

Injini ya Hijet, Carry, Vanette, Bongo ndi Hiace ili pansi pa mpando, ndipo malo ake ngopanikizika. Tsegulani mokwanira, ngakhale zitafunika kuchotsa mpando wa dalaivala. Makapu ambiri amene timawaona atang'ambika anakokedwa chopendekera ndi munthu amene dzanja lake linali litapindika pakati pa mpando ndi paipi.

## Kapu yauma gwa, siikupotoka n'komwe

Limeneli ndiye vuto la tsiku ndi tsiku. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Labala wapsa ndi kutentha kwa zaka zambiri n'kumamatira ku khosi la pulagi ngati anamata ndi guluu.
2. Fumbi ndi matope zauma m'dzenje la pulagi n'kutsekera kapuyo m'mbali. Galimoto zoyenda misewu yafumbi ya ku Machinjiri, Bangwe ndi Chigumula sizisowa vutoli.
3. Dzimbiri lagwira pa nsonga ya pulagi ndi pa kachitsulo ka m'kati.
4. Wina anaikapo kapu ya galimoto ina, yothina kuposa yake, kapena anapaka silikoni ya gasiketi poganiza kuti akutchinga madzi.

Chinsinsi chake n'kupotoza musanakoke. Gwirani kapu pamene pali pokhuthala, pafupi ndi pulagi mmene zala zingafikire, osati pa waya. Potozani kumanja pang'ono, ngati kotala ya mzungulire, kenako kumanzere, mobwerezabwereza. Poyamba mumamva ngati labala yekha akupindika pamwamba pansi pasakuyenda. Musatope. Pakapita kanthawi mumamva kaphokoso koti tse, labala akulekana ndi khosi, ndipo kapu imayamba kuzungulira momasuka m'zala zanu. Apo m'pamene mumakoka, molunjika mmene pulagi yalozera, mukupotozabe. Munthu amene wakoka asanamve kaphokoso kameneko ndi amene amabwera ndi waya m'manja.

Zala zikapanda kufika, pali pulayala yochotsera makapu, ya milomo yopindika yokutidwa ndi pulasitiki. Ngati mumakonza galimoto zingapo, igulani, imabweza ndalama yake pa waya mmodzi kapena awiri. Ngati mulibe, kulungani milomo ya pulayala yaitali ndi kachidutswa ka chubu cha njinga kuti mano ake asaboole labala, ndipo musafinye kwambiri chifukwa pansi pa labalayo pali khosi losachedwa kusweka.

Ikakanabe, ifewetseni. Thirani sipuleyi ya silikoni m'mbali mwa kapu kuti itsikire pansi, dikirani mphindi 10 kapena 15, yambaninso kupotoza. Pa injini zimene pulagi yake ili poonekera, ngati za Hiace ndi Hilux zakale za disitibyuta (chogawa magetsi ku mapulagi), mutha kutukula mlomo wa kapu ndi kapulasitiki kopyapyala n'kudonthezera timadzi ta sopo, kenako n'kuumitsa bwino mukamaliza. Zimene simuyenera kuthira ndi petulo, parafini, dizilo, oyilo wa injini ndi mafuta a mabuleki. Zambiri mwa zimenezi zimafufumitsa kapena kuwononga labala, ndipo kapu imene inangomamatira imasanduka yothina kawiri. WD-40 nayo ili ndi mafuta ochokera ku petuloliyamu. Ine ndimaigwiritsa ntchito pokhapokha ndikadziwa kuti kapuyo ndikaichotsa ikupita kudzala.

Ngati chotsekera ndi matope, kandani m'mbali ndi kawaya, pemererani ndi kompuresa, bwerezani mpaka dzenje liyere, kenako mupotoze.

Chimodzi chimene ndimaletsa ana anga a ntchito: kulowetsa sikuludiraiva pansi pa kapu n'kumatukula ngati akutsegula botolo. Khosi loyera lija ndi dothi lowotcha, limalimba pa moto koma silipirira kukankhidwa cham'mbali. Limatha kuchita mng'alu wosaoneka ndi maso, n'kudzayamba kuvutitsa mvula ikagwa.

## Kapu ikupotoka, koma mukakoka ikungotamuka n'kubwerera

Apa labala walekana kale ndi khosi, china ndiye chikugwira.

1. Mpweya. M'dzenje lalitali kapu imatseka ngati pisitoni ya pampu, ndipo mukakoka imadziyamwira pansi.
2. Kachitsulo ka m'kati kaluma nsonga ya pulagi chifukwa cha dzimbiri.
3. Mukukoka chopendekera, kapu ikukhuza khoma la dzenje.
4. Labala wafufuma ndi oyilo n'kudzaza dzenje lonse.

Tengani kalamba kapulasitiki komangira mawaya, kalowetseni m'mbali pakati pa kapu ndi khoma kuti mpweya upeze polowera. Nthawi zambiri mumamva kuti phwii, kapu n'kumasuka. Ngati muli ndi kompuresa, lozetsani kapaipi kake m'mbali momwemo, mpweya umaikankha kuchokera pansi. Tchingani maso, chifukwa zonse zimene zinali m'dzenjemo zimabwera kumaso.

Ikakhala nkhani ya dzimbiri, kankhirani kapu pansi kaye pang'ono, potozani, kenako kokani. Kukankhako kumaswa dzimbiri pa nsonga. Kokani mwa phee ndi mphamvu yosadukiza, osati motsomphola.

Mutha kupanganso ngowe ndi sipoko ya njinga. Pindani nsonga yake ngati chilembo L chachifupi, isalazeni ndi fayilo isakhale yakuthwa, itsitseni m'mbali mpaka ipitirire mlomo wa kapu, itembenuzeni ikole pansi pake, n'kukoka pang'ono mbali ino, pang'ono mbali inayo.

## Kapu yazuka, koma yanyowa

Musafulumire kumasula pulagi. Walitsani tochi m'dzenjemo muone chimene chilimo, chifukwa chimenecho n'chimene chinagwira kapu, ndipo chidzagwiranso yatsopano.

Ngati ndi oyilo:

1. Timalabala tozungulira maenje a mapulagi pansi pa topu kava (chivundikiro cha pamwamba pa injini) tauma. Timeneti timabwera limodzi ndi gasiketi ya topu kava, ndipo pa galimoto zakale zochokera ku Japan nthawi zambiri timakhala tomwe tinachokera nato ku fakitale.
2. Oyilo anatayikira pothira, n'kutsikira m'dzenje lapafupi ndi chitseko chothirira.
3. Topu kava inamangidwa mopitirira muyeso n'kupindika kapena kung'aluka.
4. Valavu ya PCV, yotulutsa mpweya wounjikana mu injini, yatsekeka, mpweya wa mu injini ukukankhira oyilo kunja podzera m'magasiketi.

Yamwani oyiloyo ndi jakisoni wopanda singano wolumikiza ku kapaipi, kapena muviike kansalu kokulunga pa waya mpaka muume. Timadontho tochepa tikagwera mu silinda timangofuka utsi n'kutha, koma dzenje lodzaza lisakhuthukire mmenemo. Sinthani gasiketi ndi timalabala tonse nthawi imodzi. Kapu imene yafufuma ndi oyilo siibwereranso mwakale ngakhale muitsuke chotani. Mukaifinya imamveka lobodo ngati mkate wonyowa, ndipo imeneyo njotaya.

Oyilo akakhala kunsonga ya pansi ya pulagi yokha, kumene kumayaka moto, pamwamba pali pouma, imeneyo ndi nkhani ina ya maring'i kapena masili a mavalavu, ndipo kapu ilibe mlandu.

Ngati ndi madzi, kapena zotsalira zake zofiirira ndi zoyera ngati mchere:

1. Injini inatsukidwa ndi paipi ya madzi amphamvu kotsukitsa galimoto. Izi timaziona chaka chonse.
2. Galimoto inadutsa m'madzi ambiri nyengo ya dzinja. Pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, galimoto zimene zinamira kapena kuima m'matope zinkabwera makapu atagwirana ndi mapulagi ndi dzimbiri.
3. Mlomo wa pamwamba wa kapu wang'ambika, sukutsekanso dzenje.

Umitsani ndi mpweya, ndipo pulagi ya dzimbiri musailimbane nayo mouma. Onani gawo lomaliza.

## Waya wathothoka, kapena kapu yaduka, theka latsala m'dzenje

Apa m'pamene anthu amawonjezera vuto pa vuto, ndiye ndikhalitsapo.

Mmawa wina kunafika bambo wina ndi Carry yodzaza mabasiketi a tomato, akupita ku msika wa Limbe. Injini inkadukiza pokwera mtunda, iye n'kuima m'mbali mwa msewu kuti aone mapulagi injini ili moto. Kapu ya pakati inaduka, kumtunda kunabwera, kumunsi kunatsala pansi penipeni pa dzenje. Injini ya masilinda atatu ikataya imodzi siikoka katundu, ndipo anafika pagalaja ikunjenjemera thupi lonse.

"Achimwene, ingolowetsani soketi mumasule pulagiyo, labalayo atulukira limodzi," anatero.

"Bambo, soketi siingakhale pa pulagi labala ali pamenepo," ndinawayankha. "Tikaikhomera tiswa khosi, ndipo kachidutswa kakagwera mu silinda ndiye kuti titsegula hedi. Tipatseni kanthawi izizire."

Anakhala pa benchi akuyang'ana dzuwa ndi tomato wawo. Titawalitsa tochi tinaona mphete yakuda ya labala itakumbatira khosi, pamwamba pake pali mano-mano pamene panadukira. Tinathira silikoni, tinadikira, kenako ndi ngowe ya sipoko tinayamba kuitukula mbali ndi mbali. Inatuluka zidutswa zinayi. Tinaziyala pa nsalu n'kuzilumikiza ndi theka limene anabwera nalo m'manja kuti tione ngati kapu yakwanira, ndipo panali kampata kakang'ono ngati chikhadabo. Tinapemerera mpweya, kachidutswa kachisanu n'kudumphira pa mpando. Pulagi tinaimasula pambuyo pa zonsezo.

Chimene chimadula kapu nthawi zambiri ndi kukoka pa waya kapena pa injini yotentha. Chachiwiri ndi ukalamba wa labala, amene amafika pouma n'kumanyenyeka yekha. Chachitatu ndi pulayala ya mano imene inaluma n'kuyambitsa mng'alu.

Chochita:

- Pulagi isamasulidwe mpaka dzenje liyere. Pamene ili pamalo pake ndi chitseko cha silinda.
- Thirani silikoni pa chotsaliracho, dikirani.
- Ngati pali pogwira, gwiritsani pulayala yaitali yowonda, potozani kaye, kenako kokani.
- Ngati palibe pogwira, tsitsani ngowe pakati pa labala ndi khoma la dzenje, osati pakati pa labala ndi khosi la pulagi.
- Ngati chatsala n'chachitali ndipo chili ndi bowo pakati pamene panali waya, pikitsani sikuluwu yaitali ya matabwa m'bowomo mizungulire iwiri kapena itatu yokha, igwire labala, n'kukoka ndi pulayala. Mukamva yagunda chitsulo, imani.
- Labala wouma kwambiri mutha kumucheka mzere umodzi kuchokera pamwamba kutsika ndi kampeni kowonda, kuti atseguke n'kusiya khosi.
- Kachitsulo ka waya kakatsalira pa nsonga ya pulagi, kachotseni ndi pulayala yaitali. Soketi siikhala bwino kali pomwepo.
- Lumikizani zidutswa muone ngati zakwanira, pemererani mpweya, walitsaninso tochi.

Waya amene wathothoka musamubwezere mu kapu n'kumanga tepi. Mawaya ambiri a mapulagi m'kati mwake mulibe kopa, muli ulusi wa kaboni kapena kawaya kowonda kokulungidwa mozungulira, ndipo akathothoka kulumikizana kwake kwatha. Amatha kuliza injini lero, mawa n'kuyamba kudukiza pa mtunda wa Soche kapena pokwera kuchokera ku Chikwawa muli ndi katundu. Ngati mawaya onse ndi a msinkhu umodzi, gulani seti yonse, chifukwa enawo ali m'njira yomweyo.

## Koilo yatuluka yokha, labala wake watsala

Izi n'za galimoto zopanda mawaya a mapulagi, monga Probox ya injini ya 1NZ kapena 2NZ ndi ma Hijet ndi ma Carry a zaka zaposachedwa. Koilo iliyonse imagwidwa ndi bawuti imodzi, nthawi zambiri ya sipanala ya 10, ndipo pansi pake pali kapu yaitali yokhala ndi kasipuling'i.

Chofala ndi kuikoka osaipotoza. Mukamasula bawuti ndi kuchotsa pulagi ya mawaya ake (cholumikizira mawaya ku koilo, osati ya mu hedi ija), zunguzani koiloyo kumanja ndi kumanzere monga tanenera, kenako muikweze molunjika. Labala akatsala, mchotseni ndi pulayala yaitali kapena ngowe, ndipo fufuzani kasipuling'i. Kamatha kutsalira pa nsonga ya pulagi kapena kugwera pansi pa galimoto, ndipo popanda iko moto sufika bwino. Pa makoilo ambiri labalayu amavulika ndi kuvalika, choncho ngati sanang'ambike mutha kumubwezera pa koilo, ndipo ngati wang'ambika funsani kaye kogulitsa masipeya ngati ali ndi labala yekha musanalipire koilo yathunthu.

Samalani ndi kaloko ka pulasitiki ka pulagi ya mawaya. Ndi kutentha kwa zaka kamauma ngati bisiketi. Kankhirani pulagiyo m'kati kaye, dinani kaloko, kenako kokani. Kakathyoka, mangani ndi kalamba kapulasitiki kuti isamasuke panjira mpaka mupeze ina.

Eni a Nissan AD ya injini ya HR15 dziwani kuti makoilo ake ali pansi pa manifodi (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), ndipo kuti muwafike bwino manifodiyo iyenera kuchoka. Mapulagi akenso amafuna soketi yowonda ya 14, pamene galimoto zambiri zimafuna ya 16 ndipo zakale ya 21. Ngati simunachotsepo manifodi, imeneyi ndi ntchito ya makaniko.

## Mwabwezera zonse, koma injini ikudukiza

1. Kapu siinakhale mpaka pansi. Kankhani iliyonse mpaka mumve kachitsulo kakulumphira pa nsonga kuti ke.
2. Mawaya asinthana. Injini zambiri za masilinda anayi zimayatsa motsatana 1-3-4-2. Yerekezani ndi chithunzi chimene munajambula.
3. Pulagi ya mawaya a koilo yaiwalika kapena siinaloke.
4. Waya waduka m'kati pamene mumalimbana naye. Muyezeni ndi mita yoyezera magetsi: pa injini zambiri za Toyota za mawaya, mita isapitirire 25 kΩ (makilo-omu 25) pa waya mmodzi. Mupindeni uku mukuyeza, nambala ikamalumphalumpha ndiye kuti waduka.
5. Khosi la pulagi lang'aluka.
6. Magetsi apeza njira yakunja. Mukaona kamzere kakuda kowonda kotsika pa khosi loyera, kosachoka ndi chikhadabo, yang'anani m'kati mwa kapu mupezanso kamzere kofanana nako. Sinthani zonse ziwiri, pulagi ndi kapu. Mukasintha chimodzi, chakalecho chimalemba mzere womwewo pa chatsopano. Koma kamphete kofiirira kozungulira pansi pa khosi, pamene likukumana ndi chitsulo, si vuto.

Pa galimoto ya makoilo, njira yachangu ndi kusinthanitsa. Kompyuta yoyezera galimoto ikawerenga P0301, vuto lili pa silinda yoyamba. Sinthani koilo yake ndi ya silinda yachiwiri. Nambala ikasanduka P0302, wolakwa ndi koilo kapena kapu yake. Ikakhala pomwepo, yang'anani pulagi. Pa galimoto ya mawaya, lizani injini usiku pamalo amdima muyang'ane osagwira: timoto tabuluu tolumpha pa waya kapena pa kapu tikuonetsa pamene pakudontha magetsi.

Ndikudziwa kuti m'magalaja ambiri timazula makapu injini ikulira kuti timve silinda yakufa. Musatengere. Magetsi osowa kopita amabwerera kukaotcha koilo kapena zamagetsi zoiyendetsa, ndipo kugwidwa nawo dzanja lili pafupi ndi fani kapena lamba kumavulaza.

## Kuti isadzakanenso

Pali girizi wapadera wa silikoni, amene pa chubu chake amalemba dielectric grease. Tengani kakang'ono ngati njere ya mpunga, pakani m'kati mwa mlomo wa kapu mozungulira, pamene labala amakumana ndi khosi. Musadzaze kapu yonse, ndipo musapake mulu pa kachitsulo. Girizi wa mabering'i sangalowe m'malo mwake, amadya labala. Kachubu kamodzi kamakwana galimoto zambirimbiri, ndipo kapu yopakidwa imazuka ndi zala ziwiri ngakhale patapita zaka.

Pulagi yatsopano iyambeni ndi dzanja, kapena ndi kapaipi ka labala kovala pa khosi, mpaka ifike yokha pansi. Ikalimba pa mzungulire woyamba kapena wachiwiri, yapingasa mazinga, bwezani muyambenso. Ya wochapa watsopano ikafika pansi imafuna pafupifupi theka la mzungulire ndi sipanala, yakale imene mukuibwezera imafuna kachigawo kakang'ono chabe. Ngati muli ndi sipanala yoyezera mphamvu, tsatirani nambala ya m'buku la galimoto yanu.

Makapu amamamatira kwambiri pa injini imene mapulagi ake aiwalika. Mapulagi wamba amafuna kusintha akayenda makilomita pafupifupi 20,000, ndipo pa tinjini tating'ono ta 660cc ta Hijet ndi Carry, timene timazungulira mofulumira tsiku lonse, opanga mapulagi amalangiza pafupifupi theka la mtunda umenewo. A iridiyamu okhalitsa amafika makilomita 100,000, koma ngakhale pa amenewo ndi bwino kuzula makapu kamodzi pachaka, mvula isanayambe mu Novembala, kuona m'maenje, kupaka girizi n'kubwezera.

Mukagula makapu kapena makoilo akale ochotsa ku injini zina, finyani labala ndi kumupinda. Wabwino amabwerera msanga ndipo saonetsa timing'alu. Ndipo uzani otsuka galimoto kuti paipi yawo isalozere pa topu kava.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana makaniko

- Khosi la pulagi lasweka, kapena mukukayikira kuti kachidutswa ka labala, ka dothi loyera kapena ka chitsulo kagwera mu silinda. Musalize injini ngakhale kamodzi. Dothi limenelo ndi lolimba kwambiri, limakanda khoma la silinda ndi kuwononga mavalavu.
- Kapu yachoka koma pulagi ikukana kumasuka ndi mphamvu ya dzanja limodzi pa sipanala wamba, kapena yamasuka pang'ono n'kulimbanso. Musawonjezere paipi ku sipanala. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri, isiyeni usiku wonse, ndipo ikakanabe mmawa itanani wodziwa. Pulagi yodukira mu hedi ndi ntchito yodula kuposa zonse zimene zili pamwambapa.
- Pulagi yatuluka ndi tizitsulo tonyezimira ta aluminiyamu m'mazinga ake, kapena yatsopano ikungozungulira osalimba. Mazinga a hedi apita, ndipo pakufunika kuikamo ena ndi zida zake.
- Mwalimbana ndi chotsalira cha kapu kwa ola lathunthu ndipo chikungonyenyeka kutsikira pansi.
- M'dzenje mukubwereranso madzi a mtundu wa kulanti (madzi oziziritsa injini), kapena nsonga ya pulagi imodzi yatuluka yoyera mbee ngati yotsukidwa pamene madzi a mu rediyeta akuchepa.
- Nyali ya injini pa dashibodi ikuphethira m'malo mongoyaka. Petulo wosapsa akupita ku ekizozi ndipo awotcha katalitiki, chosefa utsi. Imani, musati mukafike kaye ku Lunzu.
- Mukumva fungo la petulo pafupi ndi mawaya. Musayese moto wa pulagi pamenepo.

Poitana makaniko muuzeni zonse mmene zachitikira: silinda yake, chimene mwathira m'dzenje, chida chimene mwalowetsamo, ndiponso ngati injini yalira chichitikireni zimenezo. Sungani zidutswa zonse za kapu ndi za pulagi m'kapepala kuti adzazilumikize aone chimene chikusowa. Ngati pulagi yatuluka ndipo dzenje lili pululu, tsekani ndi nsalu yoyera yaikulu yoti siingagweremo, chotsani kiyi muike m'thumba kuti wina asalize, ndipo galimotoyo ipite kugalaja chokokedwa.